Kiyi wa M'khosi mwa a Tcheya

Loko amene ndinamupeza pachitseko tsiku limenelo anali wamkulu ngati chibakera cha mwamuna. Ndinamukoka, ndinamugwedeza, ndinamutukwana m'Chitumbuka. Sanatseguke.

Kumbuyo kwanga kunaima mwana wanga Dora atabereka khanda lake. Anali atayenda wapansi kuchokera kumudzi kumene anakwatiwa, miyendo ili mbuu ndi fumbi.

"Amama, tiyeni tizibwerera. Anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane. Maso ndi awo."

Ine ndine Yunike NyaSichali, mkazi wa malemu Manase, wa kumtunda kwa Uliwa. Zimenezi zinachitika cha m'ma 1988, nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wayang'ana uku ndi uku usanayetsemule. Ine kuyang'anako kunkandivuta.

Muyambe mwadziwa chimene chinandifikitsa pachitseko chimenecho. Mkulu wanga Keziya anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Ankataya magazi miyezi yambiri osauza munthu. Tinazungulira naye kwa asing'anga, ndipo pamene tinkafika kuchipatala chachikulu, adokotala anangoti tachedwa. Anatiuza kuti matendawa amayamba mwakachetechete, mayi akulima, akuseka, osamva kuwawa paliponse, ndipo akapezeka msanga amachizika. Keziya tinamuika m'manda mawu amenewo ali m'makutu mwanga.

Ndiye pamene bungwe lina la azungu a kunja linabweretsa ntchito yoyeza amayi pa kachipatala ka m'mudzi mwathu, ine ndinavina ndolo, gule wa amayi kwathu kuno, mpaka bondo linatupa. Anabweretsa bedi, nyali, zitsulo zoonera, mpoto wowiritsiramo zitsulozo ndi timagalasi. Anaphunzitsa nesi wathu, mayi Prisca Kamwendo a ku Ntcheu. Kuyeza kwake sikunali kovuta. Anesi ankatenga timadzi ta pakhomo la chiberekero n'kupaka pa kagalasi, kagalasiko n'kupita ku Blantyre kukaunikidwa, yankho n'kubwera.

Dora ndinamukokera kumeneko ndekha. Yankho lake litabwera, anesi anati, "Si khansa ayi. Koma pali pena pamene payamba kusintha. Mukakolola mpunga abwerenso tidzaone."

Tisanakolole mpungawo, azungu aja anatsanzika. Anati ntchito yawo yatha, tsopano zonse ndi zathu. Tinavinanso. Kenako anthu akuluakulu anasankha komiti yoyang'anira ntchitoyo. Wapampando anali a Yotamu Msukwa, amenenso anali tcheyamani wa nthambi ya chipani. Munalinso mphunzitsi, mwini golosale ndi mkulu wa mpingo. Amuna okhaokha. M'komiti yonseyo munalibe chiberekero ngakhale chimodzi.

Kwathu kuno tili ndi chizolowezi chakuti chinthu chabwino ndi cha alendo. Makapu abwino amakhala m'kabati, ana n'kumamwera tiyi m'chitini. Nsalu yofunda yatsopano imagona m'sutukesi, mwini nyumba akulumidwa ndi udzudzu. Tambala wonenepa amadikira mlendo. Inenso ndinali nawo makapu anga amene Manase anandigulira ku Mzuzu, ndipo anamwalira asanamwerepo. Koma sindinaganizepo kuti munthu angachite zomwezo ndi chipatala.

A Yotamu anachita. Landirova ya azungu itangokhota, anagula loko, anatseka chipinda choyezera, kiyi n'kumumanga pa chingwe n'kumukoleka m'khosi, m'kati mwa malaya.

Ndinamubweza Dora kunyumba kwanga, ine n'kulunjika kwa a Yotamu. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupukuta njinga yawo, imenenso sankaikwera kawirikawiri.

"Monire a Tcheya."

"Monire amama. Khadi la chipani muli nalo?"

Ndinamasula pansonga ya chitenje. "Langa ili. Ili ndi la Dora. Ili ndi la mwana wa Dora limene munatigulitsa ali m'mimba. Mukafuna la Manase mukamufunse kumanda."

"Pakamwa panu, NyaSichali, padzakufikitsani kutali."

"Lero pandifikitsa pano. Ndikufuna kiyi."

Anagwira pachifuwa ngati ndawapempha mtima. "Kiyi wa chiyani?"

"Wa kumwamba. Mukuyesa wa chiyani? Mwana wanga anauzidwa kuti abwerenso akayezedwe."

"Wadwala?"

"Yayi."

"Nanga munthu wosadwala akufuna chiyani pabedi la boma? Amama, katundu ameneyu ndi wodula. Amayi onse a kuno akamagonapo sabata ndi sabata, bedi likathyoka, nyali ikapsa, alendo akabwera tidzawaonetsa chiyani?"

"Mudzawaonetsa amayi amoyo."

"Alendo safunsa zimenezo. Amafunsa katundu. Muuzeni Dora adikire. Mwezi wamawa kukubwera alendo a ku Boma, tidzatsegula. Amatha kuvina?"

"Kuvina kwalowa bwanji?"

"Pamzere wa tsiku la alendo timaika amayi a ndolo. Amadziwa kuima bwino, ndipo ali ndi nsalu zofanana."

Ndinachoka osatsanzika. M'mawa mwake ndinanyamula nkhwangwa ya Manase. Nditafika pa kachipatala ndinapeza anesi ataima pakhonde, akutsuka m'manja.

"Mayi, nkhwangwayo ikupita kunkhuni kapena kundende?"

"Chokanipo, a Nesi. Mkangano wanga ndi wa ine ndi loko."

Sanachoke. Anapukuta m'manja pang'onopang'ono, n'kunditengera kuseri, kumene kunalibe makutu.

"Mukathyola loko ameneyu, a Tcheya agula wina, inu mukagona kupolisi ku Chilumba. Dora atsala chomwecho. Komanso tinene kuti mwatsegula. Mupezamo chiyani? Sipiriti wothira pa timagalasi anatha. Timagalasi tatsala tochepa. Galimoto imene inkatenga timagalasi kupita ku Blantyre inapita ndi eni ake. Ndikamuyeza Dora lero, kagalasi kake kapita pa chiyani? Pa nkhwangwa yanuyo?"

Ndinatsitsa nkhwangwa pansi.

"Komiti ndiyo imayenera kupempha zinthu zimenezi ku Boma zisanathe," anapitiriza. "Koma komiti imakumana pokhapokha ikamakambirana za mbuzi ya alendo. China, ntchitoyi ndinaphunzira ndine ndekha. Akandisamutsa mawa, yathera pomwepo. Lokoyu mukumuona chifukwa ali panja. Mavuto enawo ali m'kati."

"Nanga inu pakamwa mulibe?"

"Ine ndine wobwera, mayi. Ndikakweza mawu ati nesi wa ku Ntcheu akunyoza a chipani. Ndinalankhulapo ndi a Tcheya, anandifunsa ngati ntchito yanditopetsa. Koma inu ndinu mwini mudzi, ndipo mwana ndi wanu. Ku Boma kuli bambo Reginald Matewere, amene amayendera zipatala zing'onozing'ono. Pitani mukawauze. Musakatukwane. Mukangonena zimene mwaona."

"Zimene ndaonazo n'zotukwanitsa."

"Mukatukwane pa basi, muzikafika mutamaliza."

Ndinakwera basi ya ku Karonga. Ndinatukwanadi mpaka pa Nyungwe, mtima n'kutsika pang'ono. Bambo Matewere ndinawapeza mu ofesi, munthu wamfupi, wowonda, wa mawu ofatsa. Anandipatsa mpando. Ndinawafotokozera zonse.

"Mayi, ndikudabwa," anatero. "Kwanuko ndinafikako ndekha. Ndinapeza chipinda chotsegula, chosesedwa bwino, amayi ali pamzere, wina ali pabedi."

"Wa pabediyo anali wamtali, wa mpata m'mano?"

"Ndikukumbuka choncho."

"Ameneyo ndi Violet, amatsogolera ndolo. Mlendo aliyense amene anabwerako anamuona Violet pabedi limenelo. Amagonapo ndi zovala zonse mpaka juzi. Inu mukasuzumira pakhomo amatseka maso. Mukapita kukadya mbuzi amadzuka, a Tcheya n'kutseka."

Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anavula magalasi.

"Ndili ndi ulendo wa kwanuko mwezi wamawa. Uthenga tinatumiza kale."

"Vuto lake ndi limenelo, bwana. Mumatumiza uthenga. Munthu ukamuuza kuti ndikubwera kudzaona ngati umasamba, udzamupeza atasamba."

"Ndiye mukuti nditani?"

"Bwerani Lachiwiri lino. Landirova muisiye. Taye muisiye. Mukwere basi ngati anthu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti aitana apolisi. Koma anangofunsa kuti basi ya ku Uliwa imanyamuka nthawi yanji.

Lachiwiri linafika. Tsiku limenelo a Yotamu anali atalamula mudzi wonse ku ntchito yachitukuko, kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira ya ku kachipatala, kukonzekera alendo a mwezi wamawa. Miyala imeneyo inkapakidwa laimu kawirikawiri kuposa makoma a tchalitchi. Ine ndinalipo ndi Dora, tili ndi tsache m'manja, maso ali kunjira.

Dzuwa litakwera ndinaona kamunthu kakubwera wapansi, malaya a manja aafupi, patapata kuphazi, fumbi mpaka m'nsidze. A Yotamu anakaona nawonso.

"Iwe! Ukudutsa anthu akugwira ntchito? Ndiwe wakuti?"

"Ndachokera ku Karonga, bambo."

"Khadi?"

Bambo Matewere anatulutsa khadi la chipani. A Yotamu analiyang'ana mtundu wokha, dzina sanawerenge.

"Chabwino. Tenga tsache ilo. Mwala uliwonse uyere mpaka pansi. Kukubwera anthu akuluakulu."

Bambo Matewere anatenga tsache, anagwada, n'kuyamba kupaka miyala ya ulendo wawo womwe. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Dora anandigunda ndi chigongono.

Atapaka miyala ingapo anadzutsa mutu. "Bambo, ndamva kuti pano amayeza amayi khansa. Mayi awa akuti mwana wawo anauzidwa kuti abwerenso. Simungawatsegulire?"

"Wayamba kale kumva za NyaSichali? Ameneyo ndi wailesi yosafuna batire. Chipinda chimenecho timatsegulira alendo a ku Boma."

"Alendo ake ndani?"

"Bwana Matewere. Iwe sungawadziwe. Ndi mnzanga weniweni ameneyo, timadyera mbale imodzi."

"Ndi munthu wooneka bwanji?"

"Chimunthu chachitali, chathupi. Nsapato zake kuwala kwake, ukhoza kumeterapo ndevu. Iwe, apo wasiya! Mwala umenewo wauona bwino?"

Sindikuwanamizira a Yotamu. Iwo alendo ankawalandira ataweramitsa mutu kuyambira pa Landirova mpaka pa mbuzi. Ankadziwa nsapato, nkhope ayi.

Nthawi yomweyo anesi anatuluka kukataya madzi. Anaima, beseni lili m'manja.

"Bwana Matewere! Mwafika nthawi yanji? Nanga laimuyo?"

Tsache lina linagwa. A Yotamu anayang'ana anesi, anayang'ana kamunthu kaja, kenako maso awo anatsikira kumapazi.

"Bwana," anatero ndi mawu ang'onoang'ono, "nsapato zija zili kuti?"

"Ndazisunga, bambo Msukwa. Ndimavalira alendo. Tatsegulani chipindacho."

Kiyi anavuta kutuluka. Chingwe chinakola pa batani, kenako pa khutu. Loko naye anachita makani chifukwa cha dzimbiri, mpaka anathiramo mafuta a njinga. Chitseko chitatseguka, choyamba kutuluka chinali fungo. Chachiwiri unali mleme, umene unadutsa pamutu pa mkulu wa mpingo mpaka anaitana dzina la Yesu.

Tinalowa. Denga linali litadontha nthawi ya mvula popanda woona, ndipo madzi anagwera pa zitsulo. Zina zinali zitachita dzimbiri. Makoswe anali ataboola matiresi n'kuberekeramo. Mavu anamanga nyumba pa nyali.

A Yotamu analoza katunduyo. "Koma bwana, muwerenge. Palibe chimene chasowa."

"Zoona," ndinatero ine. "Zachita kuwonjezeka. Azungu sanasiye makoswe."

Anthu anaseka. A Yotamu sanaseke. Anakhala pansi pakhonde, munthu wamkulu wa ng'ombe zake.

"Bwana, ine sindinadye kanthu. Kutsidya kwa mtsinje kunali tcheyamani mnzanga. Mjigo wa boma unawonongeka sabata ya alendo. Anamuvula udindo pamsonkhano, ayufi, anyamata a chipani, n'kumuyendetsa mudzi wonse akumuimba nyimbo. Ine ndinati zimenezo zisandichitikire. Ndinati katunduyu alendo azimupeza monga anamusiyira."

Ine ndinali nditakonza kale mawu, ndipo anali akuthwa. Koma bambo Matewere anandikwezera dzanja kundiletsa, laimu ali mbuu mpaka m'chigongono.

"Bambo Msukwa, mantha anu ndawamva, ndipo ifenso tili ndi mbali yathu. Timabwera titalengeza, timawerenga katundu, timadya, timapita. Sitinafunsepo kuti amayi angati abwera, kapena amene anauzidwa kuti abwerenso ali kuti. Koma ndikuuzeni. Chitsulo chikatha ndi ntchito, ine ndimapempha china mosachita manyazi. Chikatha ndi dzimbiri, ndikanena kuti chiyani?"

Msonkhano unachitika pomwepo, pamthunzi, anthu matsache ali m'manja. Ine ndinaimirira koyamba.

"A Yotamu achoke. Komiti yonse ichoke. Akayang'anire ng'ombe, zimenezo ndiye amazidziwa."

Amayi anaomba m'manja. Ndinamva kukoma. Koma anesi anapempha kulankhula.

"Mayi NyaSichali, inu mukaitana msonkhano, kubwera anthu angati?"

"Amene sindinakangane nawo."

"Ndiye kuti ochepa," anatero Violet kumbuyo. Anthu anagwa nacho chiseko. Ndinamuyang'ana, koma sananame.

"A Tcheya akaitana, kumabwera midzi yonse," anapitiriza anesi. "Amuna amene amaletsa akazi awo kudzayezedwa sangamvere ine, sangamvere inu. A Tcheya angawamvere. Aliyense agwire ntchito imene amaitha. Cholakwika chinali kuika zonse m'khosi mwa munthu mmodzi."

Zinandiwawa, koma zinali zoona. Ndinakhala pansi.

Tinagwirizana kuti chipinda chizitsegulidwa Lachitatu lililonse, kaya kuli alendo kaya kulibe, kaya kukugwa mvula. Kiyi mmodzi akhale ndi anesi. Bambo Matewere anati adulitsa wina ku Boma kuti asunge mayi wa m'komiti, kuti wina akadwala kapena akapita kumaliro ntchito isaime. M'komiti munalowa amayi ochokera m'midzi yosiyanasiyana, ndipo anachuluka kuposa amuna. Mayi aliyense anapatsidwa ntchito yodziwa anzake a m'mudzi mwake amene anauzidwa kuti abwerenso, n'kumawalondola mpaka pakhomo.

Za galimoto zinatitengera nthawi. Mwini golosale anati tipemphe azungu ena. Bambo Matewere anakana.

"Azungu enawo adzapitanso. Galimoto ya mankhwala imabwera kuno mwezi ndi mwezi, ndipo imabwerera yopanda kanthu. Timagalasi tizikwera imeneyo mpaka ku Boma, ife tizitumiza ku Blantyre pamodzi ndi zina. Mayankho azibwera njira yomweyo. Ichedwa, koma siidzatsanzika."

Analonjezanso kuti mzamba wa pa kachipatalapo aphunzitsidwa ntchito yoyeza, kuti asakhale anesi okha. Ndipo anauza komiti kuti sipiriti ndi timagalasi tizipempha botolo likafika pakati, osati litauma.

"Nanga inu, bwana, muzibwera liti?" anafunsa a Yotamu.

"Simudzadziwa."

"Nanga mbuzi?"

"Ikule."

Kiyi wachiwiri anandipatsa ine. Ndinakana kumuika m'khosi. Ndinamukoleka pa msomali kuseri kwa chitseko changa, ndipo amayi onse a m'komiti ankadziwa msomaliwo.

Zinthu sizinakonzeke tsiku limodzi ayi. Tinachapa chipinda, amuna anakonza denga, amayi tinasoka matiresi. A Yotamu anachotsa okha mavu aja ndipo anawaluma pachikope, moti Lamulungu analowa m'tchalitchi ndi diso limodzi. Zitsulo zadzimbiri zinapita, zina zinabwera mochedwa. Sipiriti anafika ndi galimoto ya mankhwala. Masabata onsewo ine ndinkamuyang'ana Dora akamasenda chinangwa, n'kumaona nkhope ya Keziya.

Lachitatu loyamba mzere unafika mpaka pa miyala ya laimu ija. A Yotamu anali atazungulira midzi pa njinga, imene tsopano inayamba kudziwa msewu, akukuwa kuti mwamuna woletsa mkazi wake akaonana nawo. Akazi a Tcheyawo ndiwo anaima kutsogolo kwa mzere.

Violet analowa monyada ngati mwini malo, n'kudziponya pabedi ndi juzi yake, maso n'kutseka. Anesi atamuuza zoyenera kuvula, tinangoona chitseko chatseguka, munthu uyo ali pa liwiro.

"Mwe! Kuyeza kwake n'kumeneku? Ine ndimayesa n'kugona chabe!"

Ndinamugwira pa mjigo n'kumubweza. Anatuluka akuseka, akuti sizipweteka, kungoti zitsulo n'zozizira. Kuyambira pamenepo ndiye anali wolimbikitsa amantha pamzere.

Dora anayezedwa tsiku lomwelo. Kagalasi kake kanakwera galimoto ya mankhwala. Tinadikira. Ndinkapita kwa anesi pafupipafupi mpaka anandiuza kuti ndikapitiriza andipatsa yunifolomu. Yankho litabwera anatiitana tonse awiri.

"Paja panayamba kusintha papitirira," anatero anesi. "Sipanafike pa khansa, koma pakupita komweko. Apite kuchipatala chachikulu akachotse pamenepo. Ndi opaleshoni yaing'ono."

Dora ndiye anandigwira, m'malo moti ine ndimugwire. Mwamuna wake Hudson, amene poyamba ankati mkazi wosadwala sapita kuchipatala, anamuperekeza yekha. Adokotala kumeneko anawauza kuti akanachedwa zaka zina pang'ono, nkhani ikanakhala ina. Dora anabwerako akuyenda yekha, ndipo mvula itagwa anali m'munda akuwokera mpunga. Anapitiriza kuyezedwa monga anamuuzira. Lero ndi agogo, ndipo amandikalipira kuti ndimalankhula kwambiri.

Patapita zaka zingapo mayi Kamwendo anasamutsidwa. Tinalira. Koma Lachitatu lotsatira chipinda chinatsegulidwa, mzamba uja ali m'kati. Galimoto ya mankhwala inawonongekapo, komiti inatuma munthu ndi timagalasi pa basi. Ine ndinadwalapo malungo, mayi wina anatenga kiyi pa msomali osandidzutsa. Bambo Matewere ankatulukira ngati mvula ya chilimwe, ndipo a Yotamu anaphunzira kuyang'ana munthu aliyense wa patapata kumaso asanamupatse tsache.

Tsono inu amene mukuwerenga, mverani. Ntchito yoyeza amayi sithera pa tsiku lotsegulira, pamene pali ng'oma ndi mbuzi. Matenda amenewa sadziwa tsiku la alendo. Ntchitoyi ikufuna tsiku lokhazikika, anthu oposa mmodzi oidziwa, zipangizo zopemphedwa zisanathe, ndi wina wolondola mayi amene anauzidwa kuti abwerenso. Amene amagona pabedipo akhale nawo m'komiti. Akuluakulu azibwera osalengeza, ndipo azifunsa za anthu asanafunse za katundu. Mukapeza chitseko chotseka, nkhwangwa isiyeni kunyumba, koma musabwerere chete. Pitani kwa amene angatsegule, mukanene zimene mwaona. Ndipo inu amayi, pitani mukayezedwe musanamve kuwawa. Keziya anadikira kuwawa.

Tsiku limene Dora anabwera kuchokera kuchipatala, ndinatsegula kabati n'kutulutsa makapu a Manase aja. Ndinawatsuka fumbi, ndinathira tiyi, tonse tinamwera, ngakhale ana. Kapu imodzi inasweka sabata yomweyo. Ndinasesa magalasi ake, ndinatenga ina.